Mndandanda wa osewera fencing pa dziko lonse: mafunso ndi mayankho

Fencing ndi masewero a malupanga, ndipo mndandandawu umasanja osewera potengera mapointi amene apeza m'mipikisano. Mafunso otsatirawa amafunsidwa kawirikawiri ndi osewera achinyamata, makolo awo, aphunzitsi komanso ochemerera masewerowa. Tikukamba makamaka za mndandanda wa akuluakulu, ndipo pamene malamulo a matimu kapena a achinyamata akusiyana, tanena.

Kodi mndandandawu amaukonza ndani, ndipo ulipo umodzi wokha?

Amaukonza ndi a FIE, bungwe loyendetsa fencing pa dziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1913 ndipo likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Mndandandawu suli umodzi. Malupanga alipo a mitundu itatu: foil, épée ndi sabre. Lupanga lililonse lili ndi mndandanda wa amuna ndi wa akazi, ndipo uliwonse uli pawiri, wa osewera payekhapayekha ndi wa matimu. Mwa akuluakulu okha ndiye kuti mindandanda ilipo 12. Mapointi sasamuka. Amene wasewera foil ndi épée m'chaka chimodzi amaoneka pa mindandanda iwiri, ndipo zimene wakolola uku sizimuthandiza uko.

Ndi mipikisano iti imene imapereka mapointi?

Ilipo ya mitundu isanu. Pa sizoni imodzi, lupanga lililonse limakhala ndi mipikisano 5 ya World Cup ndi 3 ya Grand Prix, ndipo yambiri imachitika kuyambira Novembala mpaka Meyi. Malo ena akhala akuchititsa mipikisanoyi kwa zaka zambiri moti dzina la mzinda nthawi zambiri limakuuzani kale lupanga lake: Heidenheim ndi épée ya amuna, Padua ndi sabre ya amuna, Turin ndi Shanghai ndi Grand Prix ya foil, Doha ndi Budapest ndi ya épée, Orléans ndi Seoul ndi ya sabre. Ku Grand Prix amuna ndi akazi amasewera mumzinda umodzi koma kulibe za matimu, pomwe ku World Cup tsiku lomaliza limakhala la matimu.

Mtundu wachitatu ndi mipikisano ing'onoing'ono yotchedwa satellite. Wachinayi ndi mpikisano wa m'chigawo, ndipo zigawo zilipo zinayi: Africa, Europe, Asia pamodzi ndi Oceania, ndi America yonse. Wachisanu ndi World Championships, umene nthawi zambiri umachitika mu Julayi, monga zinalili ku Cairo mu 2022, ku Milan mu 2023 ndi ku Tbilisi mu 2025. M'chaka cha Olympics, masewero a Olympics ndi amene amalowa m'malo mwake.

Mipikisano ya m'dziko mwanu, ngakhale itakula bwanji, sipereka pointi ya FIE.

Nanga mapointi amagawidwa bwanji?

Maziko ake ndi a World Cup. Wopambana amatenga 32, wachiwiri 26. Ogonja mu semifainolo onse awiri amakhala pa nambala 3 ndipo aliyense amatenga 20, chifukwa palibe gemu yolimbirana mendulo ya bronze. Ogonja mu kotafainolo, nambala 5 mpaka 8, amatenga 14. Nambala 9 mpaka 16 ndi mapointi 8, nambala 17 mpaka 32 ndi 4, nambala 33 mpaka 64 ndi 2, nambala 65 mpaka 96 ndi pointi imodzi, ndipo otsikirapo amatola zidutswa za pointi.

Manambala omwewa amachulukitsidwa malinga ndi kukula kwa mpikisano. Ku Grand Prix amachulukitsa ndi 1.5, choncho wopambana amapita ndi 48 ndipo wa kotafainolo ndi 21. Ku World Championships ndi 2.5, wopambana 80. Ku Olympics ndi 3, wopambana 96. Ku Olympics kuli gemu yolimbirana bronze, ndiye wachitatu amapeza 60, wachinayi 54. Ku satellite zinthu n'zochepa kwambiri: wopambana 4, wachiwiri 3, achitatu 2, a kotafainolo 1.

Onetsetsani kuti mapointi amatsata ndime imene mwafika, osati amene mwamugonjetsa. Kugonjetsa katswiri wa dziko lonse mu ndime ya 64, pamene patsala osewera 64, kumakupatsani zofanana ndendende ndi kugonjetsa wosewera wa pa nambala 300 mu ndime yomweyo. Zigoli nazo siziwerengedwa: 15 kwa 14 ndi 15 kwa 2 n'chimodzimodzi.

Kodi zotsatira zonse za pachaka amaziphatikiza?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezekera akamawerengera okha. Amatenga zotsatira 5 zabwino kwambiri mwa World Cup, Grand Prix ndi satellite, n'kuwonjezerapo za mpikisano wa m'chigawo ndi za World Championships kapena Olympics. Malo onse alipo 7. Awiri omalizawo sasinthanitsidwa ndi china chilichonse: mukaphonya mpikisano wa m'chigawo, malo amenewo amakhala opanda kanthu ngakhale mutachita bwino ku World Cup kasanu ndi kamodzi.

Tiyerekeze wosewera amene ku World Cup wapeza 32, 20, 8, 4 ndi 2, ndipo ku Grand Prix wapeza 21, 12 ndi 3. Zisanu zapamwamba ndi 32, 21, 20, 12 ndi 8, zomwe zikukwana 93. Zitatu zotsalazo, 4, 3 ndi 2, zimangokhala pambali. Akafika kotafainolo ku World Championships amawonjezera 35, n'kufika pa 128, ndipo pamwamba pake pamabwera zimene wapeza m'chigawo chake.

Lamuloli lili ndi ubwino wake. Tsiku limodzi loipa silimugwetsa munthu, ndipo amene waphonya mipikisano iwiri chifukwa cha matenda kapena kusowa ndalama za ulendo amatha kudzazabe malo ake asanu. Koma limapindulitsa kwambiri wokhazikika kusiyana ndi wochita chodabwitsa kamodzi. Wosewera amene amafika kotafainolo kulikonse, osavalapo mendulo chaka chonse, amapeza 21 katatu ndi 14 kawiri, zonse 91. Mnzake amene wapambana Grand Prix imodzi kenako n'kumagonja mu ndime ya 64 kwina konse amapeza 48, 3, 3, 2 ndi 2, zonse 58. Wachiwiriyu ali ndi golide m'nyumba, koma pa mndandanda ali pansi ndi mapointi 33.

Bwanji wosewera wathu watsika chikhalirecho anachita bwino sabata yathayi?

Chifukwa mndandanda suyambira pa ziro sizoni ikamayamba. Umayenda ndi miyezi pafupifupi 12 yapitayo, ndipo mpikisano uliwonse watsopano umafufuta mnzake wa chaka chatha. Grand Prix yoyamba ya sizoni ino imafufuta Grand Prix yoyamba ya sizoni yatha, yachiwiri imafufuta yachiwiri, ndipo World Cup imayenda chimodzimodzi. Mpikisano ukalephereka kuchitika, mapointi a chaka chatha amachoka pakakwana chaka chilowereni.

Ndiye munthu akamalowa mpikisano amakhala akuteteza zimene anapeza kumeneko chaka chatha. Amene anapambana Grand Prix yoyamba chaka chatha ali ndi 48 zoti ateteze. Chaka chino akafika kotafainolo, chomwe ndi chotsatira chabwino ndithu, 48 zija zimachoka n'kulowa 21, ndiye watsika ndi 27. Mnzake amene chaka chatha anagonja mu ndime ya 64 pa mpikisano womwewo analibe choteteza, choncho 21 zomwezo zimamukweza.

Pali kachinthu kena kamene owerengera mothamanga amaiwala. Chotsatira chachikulu chikachoka, chimodzi mwa zija zinali pambali chimatha kulowa m'malo asanu aja. Ngati katswiri uja wagonja msanga n'kupeza mapointi 3 okha, koma anali ndi 14 imene sinkawerengedwa, ndiye 14 imeneyo ndi imene imalowa, ndipo watsika ndi 34 osati 45. N'chifukwa chake timalangiza kuti musamangoyang'ana nambala yonse. Tsegulani tsamba la wosewerayo pa intaneti ya FIE, muone chotsatira chilichonse ndi tsiku lake, mudziwe chimene chatsala pang'ono kufufutika ndi chimene chikudikira pambali.

Wovulala amavutika pa chifukwa chomwechi. Iye ali kuchipatala, mipikisano ikupitirira, ndipo uliwonse ukudula mapointi ake akale popanda cholowa m'malo.

Ndiye katswiri wa sizoni amadziwika liti?

Pakutha pa World Championships, kapena pa Olympics m'chaka chake. Pa nthawi imeneyo mipikisano yonse ya sizoni yakale imakhala itafufutika, ndipo zotsala ndi za sizoni imene yangothayo basi. Amene ali pa nambala 1 tsiku limenelo ndiye katswiri wa mndandanda wa sizoniyo. Mndandanda wa mu Januwale kapena Febuluwale umakhala wosakaniza sizoni ziwiri, choncho musautenge ngati chithunzi cha amene akuchita bwino panopa.

Awiri akafanana mapointi?

Amayang'ana amene wakhala pa nambala 1 kambiri. Akafanananso amayang'ana nambala 2, n'kumatsika choncho. Zikafanana mpaka pansi, amakhala pa nambala imodzi.

Kupatula ulemu, mndandanda umathandiza chiyani pa tsiku la mpikisano?

Umasankha njira imene wosewera adutse, ndipo iyi ndiye ntchito yake yaikulu. Ku World Cup ndi Grand Prix, osewera 16 apamwamba mwa amene abwera sasewera tsiku loyamba. Amalowa mwachindunji mu ndime ya 64. Tikuti mwa amene abwera: ngati atatu mwa 16 apamwamba pa dziko sanabwere, a nambala 17, 18 ndi 19 amalandira mwayiwo.

Ena onse, omwe nthawi zina amaposa 200, amayamba ndi magulu a anthu 6 kapena 7. M'gulu aliyense amasewera ndi aliyense, gemu ya zigoli 5, mphindi 3. Magulu amakonzedwa potsata mndandanda womwewu, n'kuyesetsa kuti a dziko limodzi asagwere pamodzi, ndipo wopanda pointi amaikidwa kumunsi. Magulu akatha amawasanja poyang'ana magemu amene wapambana poyerekeza ndi amene wasewera, kenako kusiyana kwa zigoli zimene wagoletsa ndi zimene wagoletsedwa, kenako zigoli zogoletsa zokha. A kumunsi kwenikweni amatsala pomwepo. Anthu 16 amene achita bwino koposa amadumphira mu ndime ya 64, ndipo otsalawo amalimbirana malo 32 omaliza pa magemu a chipulula tsiku lomwelo. Kuphatikiza 16, 16 ndi 32 ndi pamene pamachokera 64.

Kuyambira pamenepo gemu iliyonse ndi ya zigoli 15, m'zigawo zitatu za mphindi 3 ndi mphindi imodzi yopuma pakati. Mu sabre amapuma pamene mmodzi wa iwo wafika zigoli 8. Wogonja amatuluka. Woyamba amakumana ndi wa nambala 64, wachiwiri ndi wa 63, choncho amene ali pamwamba sakumana okhaokha mpaka ndime zakutsogolo. Osewera 16 aja amawachitira mayere awiriawiri, kuti asamangokumana ndi anthu omwewo mpikisano uliwonse.

Mzere wa pakati pa nambala 16 ndi 17 ndi wowawa kwambiri. Wa 16 amafika ali ndi mapointi a ndime ya 64 m'thumba, miyendo yake ili yopuma. Wa 17 ayenera kusewera magemu 5 kapena 6 a m'gulu, ndipo akagonja awiri okha akhoza kupezeka akukumana ndi mmodzi mwa akatswiri asanu apamwamba m'mawa wa tsiku lotsatira. Komabe mwayi wa 16 aja uli ndi vuto lake. Amalowa thupi lisanatenthe, pomwe mdani wawo wazolowera kale bwalo, kuwala kwa magetsi ndi kayimbidwe ka oyimbira. Mphunzitsi wanzeru amakonzera wosewera wake magemu olimba oyeserera m'mawa umenewo, chifukwa akatswiri ambiri amagwera pa gemu yoyambayi.

Kodi aliyense angalembetse kuti akayambe kutola mapointi?

Wosewera salembetsa yekha. Ayenera kukhala ndi laisensi ya FIE ya sizoniyo, ndipo bungwe la fencing la dziko lake ndi limene limamulembetsa tsiku lotsekera lisanakwane. Dziko lililonse limaloledwa osewera osaposa 12 pa lupanga lililonse ku World Cup ndi Grand Prix, kupatula dziko lochititsa lomwe limapatsidwa malo ochulukirapo. Ku World Championships ndi anayi okha.

Zotsatira zake n'zakuti m'mayiko amene ali ndi akatswiri ambiri, monga Italy, France, Hungary, South Korea ndi United States, nkhondo yoyamba imakhala ya kunyumba. Mayiko ali ndi njira zawozawo zosankhira, ndipo ambiri ali ndi mndandanda wa m'dziko umene sufanana ndi wa FIE. Wosewera wachisanu wa dziko lamphamvu akhoza kukhala pakati pa 30 apamwamba pa dziko lonse koma osapita ku World Championships, ndipo malo ake amodzi mwa 7 aja amakhala opanda kanthu.

Mapointi a satellite ndi ochepa chonchi, pali chifukwa chopitirako?

Kwa amene ali pamwamba palibe, chifukwa 4 sangalowe m'zotsatira zake zisanu. Kwa woyamba kumene chilipo chachikulu. Kumunsi kwa mndandanda anthu mazana amasiyana ndi pointi imodzi kapena theka, ndiye 3 kapena 4 zimamudumphitsa malo ambiri, n'kumupatsa gulu losavutirapo ku World Cup yotsatira. Kupambana satellite kumafanana ndi kufika ndime ya 32 ku World Cup, zomwe wosewera watsopano angatenge zaka asanazikwanitse.

Nanga mndandanda wa matimu?

Uli ndi manambala akeake. Timu yopambana World Cup imatenga 64, yachiwiri 52, yachitatu 40, yachinayi 36, ndipo malo a 5 mpaka 16 amaseweredwa mpaka aliyense adziwe nambala yake yeniyeni, chifukwa nambala iliyonse ili ndi mapointi ake. Ku World Championships amachulukitsa ndi 2. Amawerengera zotsatira 4 zabwino za World Cup, kuwonjezera za m'chigawo ndi za World Championships kapena Olympics. Timu imakhala ya osewera atatu ndi mmodzi wodikirira, ndipo gemu imakhala ya zigawo 9 zopatsirana mpaka zigoli 45. Mapointi amenewa ndi a dziko, salowa pa mndandanda wa wosewera aliyense.

Timu imene yagonja mu ndime ya 16 isafooke ndi magemu olimbirana malo. Pamapeto pa chaka, ulendo wa ku Olympics umatha kudalira pointi imodzi kapena ziwiri zotoledwa pa magemu amenewo, amene nthawi zambiri amaseweredwa pa bwalo la pambali popanda owonerera.

Kodi wokhala pamwamba pa mndandanda amapita ku Olympics mosavuta?

Osati nthawi zonse, chifukwa khomo lalikulu ndi la matimu. Titenge Paris 2024, kumene kunali malo 212 ndipo kuwerengera kunatsekedwa pa 1 Epulo 2024. Pa lupanga lililonse kunalowa matimu 8: anayi apamwamba pa mndandanda, kenako timu yabwino kwambiri ya chigawo chilichonse mwa zotsalazo, bola ikhale pakati pa 16 apamwamba. Chigawo chikasowa timu yotero, malo ake ankapita kwa timu yotsatira pa mndandanda. Timu iliyonse inabweretsa osewera atatu mu mpikisano wa payekhapayekha, onse 24.

Atatha amenewo anatenga mndandanda wa payekhapayekha, n'kuchotsamo onse a mayiko amene alowa kale ndi timu, n'kusiya wosewera mmodzi yekha pa dziko lililonse. Pa mndandanda wosefedwawu panachoka anthu 6: awiri a ku Europe, awiri a ku Asia ndi Oceania, mmodzi wa ku Africa ndi mmodzi wa ku America. Malo 4 omaliza anaperekedwa pa mipikisano yapadera ya m'zigawo, kumene wopambana yekha ndiye ankapita. Onse pamodzi 34 pa mpikisano uliwonse, kupatula malo a dziko lochititsa ndi ochepa oitanidwa.

Ndiye dziko limene timu yake yalephera limatumiza munthu mmodzi yekha pa lupanga limenelo, ngakhale litakhala ndi awiri pakati pa 10 apamwamba. Ndipo dziko lamphamvu bwanji silidutsa atatu. Ichi n'chifukwa chake m'chaka chosankhira mudzaona akatswiri akusunga mphamvu zawo kuti akazigwiritse pa tsiku la matimu.

Kodi nambala 1 ndiye amene timuyembekezere kupambana golide?

Ali ndi mwayi woposa anzake, koma gemu ya zigoli 15 ndi yaifupi ndipo mendulo zonse zimatha tsiku limodzi. Vivian Kong wa ku Hong Kong anafika ku Paris ali pamwamba pa épée ya akazi ndipo anatengadi golide. Romain Cannone wa ku France anapambana épée ya amuna ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021 ali pa nambala 47 pa dziko lonse. Áron Szilágyi wa ku Hungary, amene anatenga golide wa sabre ku Olympics katatu motsatizana kuyambira 2012, anatuluka pa gemu yake yoyamba ku Paris, ndipo siliva wa mpikisano umenewo anapita kwa Fares Ferjani wa ku Tunisia.

Épée ndi imene imadabwitsa kawirikawiri, ndipo chifukwa chake chili m'malamulo. Thupi lonse ndi malo ogunda, ndipo awiri akagundana nthawi imodzi onse amapatsidwa chigoli. Wosewera wocheperako akatsogola ndi zigoli ziwiri akhoza kumangofuna zogundana pamodzizo mpaka 15. Mu foil ndi sabre chigoli chimapita kwa mmodzi yekha, amene oyimbira waona kuti ndiye anali ndi ufulu wa kuukira, choncho njira yotereyi kulibe.

Kodi mndandanda unayamba waimitsidwapo?

Inde. Mu Malichi 2020 mipikisano inaima chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndipo mapointi anasiyidwa mmene analili. Kusankha opita ku Tokyo kunamalizidwa mu Malichi 2021 ndi mipikisano itatu: sabre ku Budapest, épée ku Kazan ndi foil ku Doha.

Achinyamata ali pa mndandanda womwewu?

Osakwana zaka 20 ali ndi World Cup yawoyawo ndi mndandanda wawo, umene umatsekedwa pa World Championships ya achinyamata, nthawi zambiri mu Epulo. Wachinyamata amaloledwa kusewera ndi akuluakulu n'kuoneka pa mindandanda yonse iwiri, koma mapointi a achinyamata sapita nawo kwa akuluakulu. Katswiri wa dziko lonse wa achinyamata amene sanasewerepo ndi akuluakulu amakayamba m'magulu, kumunsi, ngati wina aliyense. Aphunzitsi odziwa amayamba kulowetsa ana awo ku satellite ndi World Cup ya akuluakulu kudakali zaka ziwiri kapena zitatu, kuti podzachoka kwa achinyamata adzakhale ali kale ndi nambala yowapatsa gulu labwino.